Mbombwe, Kamudzi Kamene Kanagwedeza Boma. Gawo 4: Kalata Yopita kwa Ajeremani

Amene mwachedwa pezani pokhala kumbuyoko, koma musandipemphe kuti tibwerere pa Gawo 1, poti anzanuwa adikira sabata yathunthu mitima ili m'mwamba.

Sabata yatha tinasiyana pakhomo pa tchalitchi. Mukukumbuka? Tchalitchi chachikulu cha njerwa chija, chimene abusa a John Chilembwe ndi akhristu awo anamanga pa Mbombwe. Tinayang'anitsitsa chithunzi cha mu 1914, abusa ataima pambali pa mmishonale wachizungu John Chorley, chipewa chili gwa pamutu, m'masiku amene munthu wakuda akakumana ndi mzungu pamsewu ankangomva kuti, "Chotsa chipewa!" Ndinakuuzaninso kuti chithunzi chimenechi ndi chomwe Samson Kambalu anachisandutsa chiboliboli chachikulu chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square, pakati penipeni pa London, mu 2022.

Kenako ndinatchula Ajeremani, n'kutseka pakamwa.

Ha! Ndiye mwandisowetsa mtendere sabata yonseyi.

"Akulu, pamenepa mwatipusitsa," anatero wina. "Jeremani ili ku Ulaya, Mbombwe ili kuseri kwa Nguludi. Zikukumana pati?"

Mayi winanso anati, "Achimwene, ine ndinabadwira ku Namitambo, sukulu ndinaimba pa PIM, mishoni ya abusa Chilembwe pomwepo, koma za Ajeremanizo sindinazimvepo."

Mayi, simuli nokha. Nkhani imeneyi kawirikawiri imadumphidwa. Koma dekhani, kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero Ajeremani afika.

Choyamba dziwani kuti mu 1914 Mjeremani sanali munthu wakutali. Anali mnansi wathu. Dziko limene lero ndi Tanzania, kupatula Zanzibar, pamodzi ndi Rwanda ndi Burundi, linali m'manja mwake, ndipo linkatchedwa German East Africa. Munthu ukangowoloka mtsinje wa Songwe kumpoto kwa Karonga, basi waponda m'dziko la Ajeremani. Ngakhale pa nyanja yathuyi anali ndi sitima yawo yokhala ndi mzinga, dzina lake Hermann von Wissmann.

Nkhondo itabuka ku Ulaya mu Ogasiti 1914, boma la ku Zomba linalamula Captain Rhoades, woyendetsa sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen, kuti akathane nayo sitima ya Ajeremaniyo. Rhoades anakaipeza tsidya la nyanja, pa doko la Sphinxhaven limene lero ndi Liuli, itakokeredwa pamtunda kuti aikonze. Anailozetsa mzinga. Phuu! Sitima ija n'kupunduka isanalowe n'komwe m'madzi.

Tsono tamverani izi. Woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo, Captain Berndt, anali bwenzi la Rhoades, munthu womwera naye limodzi. Ndipo anali asanamve kuti kunja kuno kwagwa nkhondo! Amasimba kuti analumphira m'kabwato, n'kupalasa ali lunda, kupita kwa mnzakeyo kukamufunsa ngati waledzera.

Anamugwira pomwepo kukhala mkaidi wa nkhondo.

Mzinga wa Guendolen ulipobe mpaka lero. Mukadzafika pa Mangochi, yang'anani pafupi ndi nsanja ya wotchi ija musanawoloke mlatho wa pa Shire.

Mwasekatu eti? Sekeranitu, chifukwa kuyambira pano kuseka kuchepa.

Pa 9 Seputembala 1914 panamenyedwa nkhondo pa Karonga. Ajeremani anatsika kudzalanda Boma, koma anabwezedwa. Manyuzipepala a azungu anakondwera. Nanga amene anagona pansi osadzukanso anali ndani? Mbali zonse ziwiri, ambiri anali anthu akuda: asikari a King's African Rifles mbali ino, asikari a Ajeremani mbali inayo, kuphana pa mkangano wa mafumu a ku Ulaya amene sanawaonepo nkhope. Ndipo nkhondo siyenda yokha, imafuna msana wa munthu. Boma linayamba kulemba anyamata, ena kuti akagwire mfuti, ena kuti akhale amtengatenga osenza ufa, zipolopolo ndi katundu wa azungu kupita kumpoto. Mbiri ya maliro inayamba kutsika kumwera, mudzi ndi mudzi, mpaka inafika pa Mbombwe.

Tibwerere kwathu ku Chiradzulu, chifukwa kumeneko zinthu zinali zitafika kale pa mwana wakana phala.

Amene munawerenga Gawo 2 mukuidziwa Magomero. Pamene Bishopu Mackenzie anatsegula mishoni yoyamba m'dziko muno mu 1861 paja, pofika 1914 panali likulu la minda ya A. L. Bruce Estates, maekala oposa 150,000, chuma cha banja la mkamwini wa David Livingstone. Woyang'anira mindayo anali William Jervis Livingstone. Anthu okhala pa malowo, ambiri mwa iwo Alomwe amene anathawa njala ndi nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, ankalipira malo ndi thukuta lawo. Thangata! Pa pepala unali mwezi umodzi wolipirira malo, mwezi wina wopezera msonkho wa nyumba. Koma m'munda wa thonje miyeziyo inkatamuka, ndipo inkatamukira nthawi ya dzinja, pamene munda wa mwini wake ukudikira khasu. Malipiro nthawi zina anali fodya m'malo mwa ndalama. Chikoti sichinkakhala patali. Wodandaula ankauzidwa kuti asamuke. Asamukire kuti munthu woti anathawa kale kwawo?

Kuwonjezera apo, eni mindawo sankafuna kuona sukulu kapena tchalitchi cha PIM pa malo awo. Tikachisi ta udzu timene akhristu ankamanga tinkatenthedwa, ndipo mu 1913 zimenezi zinachitikanso.

Onse olira ankakalirira kwa ndani? Kwa abusa, pa Mbombwe. Mishoniyo inali pafupi ndi malire a minda ya Bruce, ndipo ambiri mwa amene ankadzaza tchalitchi Lamulungu anali omwewo amene Lolemba ankakawerama m'munda wa thonje.

Abusawo nawonso anali ndi zawo. Mphumu inkawasautsa. Maso anali atayamba kuchita chidima. Ngongole zinali zitawapanikiza, ndipo anali ataika m'manda mwana wawo wamkazi. Anzawo akuda ochokera ku Amereka aja, a Landon Cheek ndi mayi Emma DeLany, anali atabwerera kwawo mu 1906. Munthu amene anachoka ku Lynchburg, Virginia, mu 1900 ali ndi maloto a sukulu, minda ya khofi, amayi odziwa kusoka ndi anyamata ovala bwino, tsopano ankaona anyamata omwewo akutengedwa kukafera nkhondo ya eni ake.

Mu Novembala 1914 anatenga cholembera.

"Ndi imeneyo kalata ya Ajeremani ija?"

Ayi, bambo, musathamange. Makalata alipo awiri. Iyi ndi yoyamba, ndipo inapita pafupi pomwepa, ku Blantyre, kwa mkonzi wa nyuzipepala ya Nyasaland Times. Abusa anakumbutsa boma kuti anthu a dziko lino anakhetsa kale magazi m'nkhondo za Angerezi kutali, kwa Aashanti ku Gold Coast ndi ku Somaliland, ndipo palibe chimene anapindula. Anafunsa chifukwa chake nthawi ya mtendere zabwino zonse zimakhala za azungu okha, koma ikafika nthawi yofa munthu wakuda amakumbukiridwa. Anati nkhondoyi akamenye olemera ndi eni malo amene ali ndi choteteza, osati amphawi amene akafa amasiya akazi amasiye ndi ana amasiye akuvutikabe ndi msonkho. Sanatukwane munthu. Sanaopseze munthu. Analemba ngati m'busa wolankhulira nkhosa zake, n'kusaina dzina lake poyera.

Mukuganiza kuti boma linati chiyani? "Pepani abusa, tamva, tikonza"?

Ayi ndithu. Kalatayo anaichotsa kuti anthu asaiwerenge. Ndipo Bwanamkubwa George Smith ku Zomba anayamba kukonza zoti a Chilembwe ndi anzawo ena awatulutse m'dziko muno, akawataye pa chilumba chakutali m'nyanja ya mchere.

Ine ndimati pamenepa ndi pamene boma linataya mwayi wake womaliza. Munthu anagogoda pakhomo masana, dzuwa likuswa mtengo, iwo n'kumutsekera. Anadzabwera usiku.

Manong'onong'o anali atayamba kale kuyenda. Pa Boma la Chiradzulu, patsinde pa phiri lathu lija, mawu anafika ochokera mbali ya Nguludi kuti pa Mbombwe pakuphikidwa kanthu. Ena ankati kukubwera asilikali akuda ochokera ku Amereka. Ena ankati chaka cha 1914 ndi chimaliziro cha dziko, monga ankalalikira a Watch Tower. Ena ankati Mjeremani ali panjira. Boma linafufuza pang'ono, silinapeze chogwirika, nkhani n'kuzizira. Bwana wa pa Boma akayang'ana abusa, ankangoona munthu wa suti ndi magalasi, wodwaladwala, wolankhula Chingerezi chaulemu. Ameneyu angaukire ndani?

Chakudza sichiimba ng'oma.

Mu Disembala 1914 ndi mu Januwale 1915, amuna ankasonkhana mwakachetechete pa Mbombwe. Ndipo musaganize kuti anali anthu osowa chochita. Panali a John Gray Kufa, mkulu wa mpingo amene anaphunzira ntchito ya chipatala pa mishoni ya Blantyre, munthu wa munda wakewake ku Nsoni. Panali a Duncan Njilima, mwini masitolo, amene anatumiza ana awo kukaphunzira ku Amereka. Panali a David Kaduya, amene anakhalapo msilikali ndipo ankaidziwa mfuti. Kutali ku Ntcheu kunali a Filipo Chinyama, amene anagwirizana nawo kuti akadzamva mawu adzadzutse anthu kumeneko. Amenewa anali anthu amene anachita zonse zimene mzungu ananena: anaphunzira, anabatizidwa, anavala nsapato, anasunga ndalama. Komabe pamsewu mawu anali omwe aja a chipewa.

George Simeon Mwase, amene analemba mbiri ya kuukiraku patapita zaka, anasimba kuti abusa anawafotokozera anzawowo za John Brown, mzungu wa ku Amereka amene mu 1859 anaukira nyumba yosungira zida pa Harpers Ferry pofuna kumasula akapolo, n'kupachikidwa. Taganizani. Munthu wouza anzake nkhani ya John Brown, kodi ankayembekeza kupambana, kapena ankadziwa kale kuti akupita kukafa kuti dziko limve? Funso limeneli lisungeni, tidzalifuna kutsogoloku.

Dongosolo linali lotere. Gulu lina lipite ku Blantyre, likathyole nyumba ya zida ya kampani ya African Lakes pa Mandala. Gulu lina lipite ku minda ya Bruce. A ku Ntcheu adzuke, atsike kulowera kumwera. Ndipo panali lamulo limodzi limene abusa anagogomeza: akazi ndi ana asakhudzidwe.

Loweruka, 23 Januwale 1915.

Dzinja lili pakati, chimanga chili m'munda, mdima uli bii. Mawaya a lamya anadulidwa. Amuna onyamula mikondo ndi nkhwangwa anazinga nyumba ya William Jervis Livingstone pa Magomero. Analowa. Livingstone anaphedwa m'nyumba mwake momwemo, mkazi wake akuona, ndipo anamudula mutu. Mzungu wina wa pa esitetipo, Duncan MacCormick, atamva phokoso anathamangira komweko, nayenso n'kulasidwa. Ku Mwanje, gawo lina la minda yomweyo, anapha Robert Ferguson. Azungu atatu usiku umodzi.

Nanga akazi ndi ana? Anawatenga, anayenda nawo, kenako anawamasula ali amoyo. Lamulo la abusa linasungidwa ndi anthu amene misana yawo inali ndi zipsera za chikoti. Zimenezi ngakhale adani awo sanathe kuzikana.

Ku Blantyre zinthu sizinayende. Gulu lija linayenda wapansi usiku, n'kufika pa Mandala m'bandakucha wa Lamulungu. Linathyola nyumba ya zida, koma mfuu inamveka msanga, azungu n'kudzuka. Anthu a Chilembwe anathawa ndi mfuti zowerengeka chabe ndi zipolopolo pang'ono. Ena anagwidwa. Ku Ntcheu mawu anafika mochedwa, ndipo pamene a Chinyama ankasonkhanitsa anthu, Boma linali litadziwa kale. Mafumu ambiri amene ankayembekezeka kudzuka anangokhala phee.

Lamulungu m'mawa, 24 Januwale, abusa analalikira m'tchalitchi chawo chachikulu chija, mutu wa Livingstone uli pamtengo, anthu akuuona.

Pamenepa sindikometsera. Ndi chinthu choopsa, ndipo magazi ndi magazi, kaya ndi a ndani. Koma amene akufuna kuweruza usiku umodzi wa pa Magomero ayambe wawerenga zaka zonse za thangata, tikachisi totenthedwa, ndi kalata ija imene anaitsekera pakamwa. Akatero aweruze.

Lolemba asilikali a boma anayesa kuyandikira Mbombwe, koma anabwezedwa. Lachiwiri, pa 26 Januwale, gulu lina la oukira linakatentha mishoni ya Akatolika pa Nguludi, ndipo Bambo Swelsen, wansembe wa chipani cha Montfort, anavulazidwa koopsa koma anapulumuka. Inde, Nguludi yomweyo kumene lero amayi amakachira pa chipatala cha St Joseph's, kumene ana athu akhala akuphunzira pa Catholic University kuyambira mu 2006. Mukamadutsa pamenepo pa minibasi kapena pa kabaza, dziwani kuti dothi limenelo linaona moto.

Asilikali atabweranso mwamphamvu, anapeza Mbombwe ili zii. Anthu anali atabalalika, ena kumapiri, ena kulowera kum'mawa. Tsono asilikaliwo anatembenukira tchalitchi. Anatchera mabomba m'makoma mwake.

Chinagwa.

Tchalitchi chimene chinatenga zaka kuti chimangidwe, chonyadira cha dera lonse, chinasanduka mulu wa njerwa tsiku limodzi. N'chifukwa chake mukapita pa PIM lero, makamaka pa 15 Januwale pamene dziko lonse limakumbukira a Chilembwe, tchalitchi chachikulu chimene mudzaone si chimene abusa analalikiramo. Chimenecho ndi New Jerusalem, chomangidwa m'nthawi ya Dr Daniel Sharpe Malikebu, mwana wa pa mishoni pomwepo amene anatsatira mayi DeLany ku Amereka, n'kubwerako ali dokotala, n'kudzatsegulanso PIM mu 1926. Za mmene boma linamukanizira poyamba kukhala m'dziko lakwawo, imeneyo ndi ndiwo ya tsiku lina. Musandikakamize.

"Akulu, nanga Ajeremani aja? Mwatizunguliratu!"

Eya, mwakumbutsa bwino. Ndimafuna ndione ngati muli maso.

Pamene tchalitchi chinkagwa, munthu mmodzi sanali pa Mbombwe. Anali panjira, kalata ili m'chovala. Dzina lake Yotam Bango. Abusa anamutuma kuti akapereke kalatayo kwa akuluakulu a boma la Ajeremani ku German East Africa.

Imeneyi ndiyo kalata yachiwiri.

Taonani ulendo wake. Kudzera kumpoto, njira ya ku Karonga, kunali kosatheka, poti kumeneko n'kumene kunadzaza asilikali a Angerezi. Njira inali imodzi: kutulukira kum'mawa, kulowa m'dziko la Apwitikizi, amene pa nthawiyo anali asanalowe nkhondo ndi Ajeremani, kenako kulunjika kumpoto kudutsa dziko la Ayao mpaka kukawoloka mtsinje waukulu wa Ruvuma. Kuchokera ku Chiradzulu kukafika pa Boma la Ajeremani la Tunduru ndi mtunda wa makilomita oposa 500. Wapansi. Mwezi wa Januwale, mitsinje itasefukira, udzu utatalika kuposa munthu, m'tchire la mikango ndi njovu. Ndipo atangogwidwa ndi pepala limenelo m'manja, panalibe za mlandu wautali. Kulembera mdani wa mfumu ya Angerezi nthawi ya nkhondo kunali kudziitanira chingwe.

Mwina mukufunsa kuti, bwanji munthu amene mu Novembala ankadana ndi nkhondo ya azungu, mu Januwale akulembera azungu ena? Funso labwino. Yankho lake lili pa Mandala. Mikondo siingalimbane ndi mfuti za boma, abusa ankadziwa zimenezo, ndipo m'chigawo chonse chino amene anali ndi mfuti zoloza Angerezi anali Mjeremani yekha. Kumeneko kunali Bwanamkubwa Heinrich Schnee, ndi mkulu wa asilikali Paul von Lettow-Vorbeck, amene mu Novembala 1914 anali atangochititsa manyazi Angerezi pa doko la Tanga. Mjeremani akanakankha kuchokera kumpoto pamene Chiradzulu ikuyaka kumwera, boma la ku Zomba likanagwira uku, uku kukupsa.

Koma dikirani. Pali china chimene chimandiimitsa tsitsi ndikamaganiza za ulendo umenewu.

Mjeremani ameneyu sanali mpulumutsi wa munthu wakuda. Zaka khumi zinali zisanakwane chithereni nkhondo ya Maji Maji, ya mu 1905 mpaka 1907, pamene mitundu ya kumwera kwa dziko limenelo inaukira ulimi wokakamiza wa thonje. Mwamva? Thonje lomwelo, kukakamiza komweko. Ajeremani anayankha potentha midzi, minda ndi nkhokwe, ndipo njala imene inatsatira inapha anthu miyandamiyanda. Mu 1906 anapachika mafumu a Angoni pa Songea, tauni yoyandikana ndi dera la Tunduru. Ndiye taganizani: munthu wakuda akutulukira pa Boma la anthu oterowo, miyendo itatupa, atanyamula kalata yonena kuti anthu akuda aukira azungu.

Mukanakhala inu bwana wa Chijeremani, mukanatani? Kumulandira ngati bwenzi, poti akumenya Mngerezi? Kapena kumumanga, poti matenda oukira azungu angawoloke Ruvuma n'kulowa m'nyumba mwanu?

Ndipo kumbukirani, Bango akuyenda sakudziwa kanthu. Sakudziwa kuti Mbombwe yagwa m'manja mwa asilikali. Sakudziwa kuti tchalitchi chimene anachisiya chili chiimire tsopano ndi phulusa ndi zibenthu za njerwa. Sakudziwa kuti kumbuyoko anzake akusakidwa m'mapiri ndi m'madambo, ndipo ogwidwa akuweruzidwa mwachangu. Sakudziwa kuti amene anamutuma nawonso ali panjira, ndi Morris, mwana wa m'bale wawo, kulowera ku malire a Mozambique mbali ya Mulanje, mphumu ili pachifuwa, apolisi ali m'mbuyo.

Anthu awiri, njira ziwiri. Wina akufunafuna Ajeremani, wina akufunafuna malire.

Tulutsani K2,000 m'thumbamo, kapena K500 ngati mwezi wafika poipa. Yang'anani nkhope imeneyo. Buku la kusukulu linakuuzani tsiku limene munthu ameneyu anathera, ndipo ena mwayamba kale kulitchula pansipansi. Chabwino. Koma kafunseni agogo a ku Mbombwe, a ku Nsoni ndi a ku Namitambo. Ena adzakuuzani kuti chipolopolo sichinawakhudze abusa. Ena adzati anawoloka malire n'kukalamba mwakachetechete kwa Apwitikizi. Ena adzatsitsa mawu n'kunena kuti anasanduka mbalame, n'kuuluka. Ndipo akadzakufunsani kuti, "Ngati anafadi, manda awo ali kuti, bwanji boma silinawaonetse?" mudzayankha chiyani?

Ndikuonatu ena mwatsegula pakamwa.

Tsono nayi mfundo imene ndakusungirani. Yotam Bango sanafere m'njira. Ruvuma anawoloka. Pa Tunduru anafika. Kalata ya m'busa wa pa Mbombwe, kamudzi ka m'boma la Chiradzulu, inalowa m'manja mwa bwana wa Chijeremani, ndipo inawerengedwa.

Ndipo Mjeremani anayankha.

Eee, anayankha ndithu! Bango anatembenuka, n'kuyamba ulendo wobwerera kwawo, yankho lili m'manja.

"Linati chiyani? Linati chiyani, akulu?"

Aaa, amayi, onani pamene pepala lathera. Munali lonjezo la mfuti m'yankhomo, kapena mawu okoma chabe? Bango atafika anapeza ndani woti amupatse? Nanga m'masiku oyambirira a Febuluwale, m'tchire la kufupi ndi malire, apolisi aja anakumana ndi ndani, ndipo magalasi a maso analowa bwanji m'nkhaniyi?

Zonsezo ndi za Gawo 5. Pakadali pano, amene muli ndi agogo odziwa mbiri ya PIM, kakhaleni nawo pansi sabata ino, muwafunse zimene anamva kwa makolo awo, musanamve zanga. Ndipo nyuzi ya sabata ya mawa musadzachite kubwereka kwa aneba, mudzapeza tsamba lathu atakulungira kale mandasi. Tionana sabata ya mawa, pompano.